Kalata yotseguka kwa atsogoleri a Georgia ndi dera la Atlanta pa nkhani ya msonkho wa mayendedwe

Olemekezeka a Bwanamkubwa wa Georgia, aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Georgia, a Meya wa mzinda wa Atlanta, makomishonala a makaunti a Cobb, Gwinnett, Clayton, DeKalb ndi Fulton, komanso akuluakulu a MARTA, bungwe loyendetsa sitima ndi mabasi a Atlanta, ndi a ATL, bungwe logwirizanitsa mayendedwe a dera lonse,

Landirani moni wathu waulemu. Ife amene talemba kalatayi ndife anthu olankhula Chichewa okhala mu mzinda wa Atlanta ndi m'makaunti ozungulira. Timalipira misonkho yonse imene munakhazikitsa, ndipo misewu ndi mabasi amene mumayang'anira ndi omwe amatifikitsa ku ntchito.

Pa 5 Novembala 2024 anthu a ku Cobb ndi ku Gwinnett anakana msonkho wa senti imodzi pa dola iliyonse yogulira katundu, umene ukanatoleredwa kwa zaka 30 kuti ulipirire mabasi ndi mayendedwe ena. Ku Cobb okana anali pafupifupi 62 pa 100 alionse, ku Gwinnett pafupifupi 53. Kwa Gwinnett aka kanali kachisanu, chifukwa anakananso mu 1971, 1990, 2019 ndi 2020. Mavoti atawerengedwa, magalimoto anapitiriza kuthithikana pa misewu ikuluikulu ya I-85 ndi I-285 monga mwa masiku onse, ndipo munthu wopanda galimoto anatsala momwe analili. Tikudziwa kuti nkhaniyi idzabweranso, poti lamulo la HB 930 la mu 2018 limalola makaunti 13 a dera lino kufunsa anthu msonkho wofika senti imodzi kwa zaka 30. Ife sitidana ndi msonkho wa mayendedwe. Chimene tikudandaula ndi mmene mumaukonzera, mmene mumaulengezera kwa anthu, ndi zimene zimachitika anthu akavomera.

Kwa anzathu amene anazolowera VAT yokhala kale mu mtengo wa katundu, tifotokoze pang'ono. Kuno msonkho umaphatikizidwa pa nthawi yolipira, ndipo umakhala wosanjikizana. Mu mzinda wa Atlanta unafika masenti 8.9 pa dola: 4 a boma la Georgia, 1.5 a MARTA, imodzi ya maboma aang'ono, imodzi ya sukulu, imodzi ya madzi ndi zimbudzi, ndi 0.4 ya misewu ya mu mzinda.

Dandaulo lathu loyamba ndi lakuti msonkhowu umalemera kwambiri pa anthu amene sadzaza misewu. Boma la Georgia linachotsa masenti ake anayi pa chakudya chokaphika kunyumba, koma misonkho ya makaunti ndi mizinda imachigwirabe chakudyacho. Ndiye kuti senti ya mayendedwe imakwera pa ufa, mpunga, nkhuku, mafuta ophikira, sopo ndi matewera a mwana. Tiyeni tiwerengere mwachitsanzo. Banja lopeza madola 2,500 pamwezi likagula katundu wokhoma msonkho wa madola 1,000, lipereka madola 10 pamwezi, 120 pachaka, 3,600 pa zaka 30. Banja lopeza madola 20,000 pamwezi likagula wa madola 3,000, lipereka madola 30. Inde lachiwirili lapereka zambiri, koma pa dola iliyonse imene lapeza lachotsa masenti 0.15, pamene loyamba lachotsa 0.4. Wosauka wasenza kuposa kawiri ndi theka.

Chopweteka kwambiri chinali m'lamulo la Transportation Investment Act la mu 2010, lomwe linabala voti ya msonkho wa mayendedwe ya pa 31 Julayi 2012, imene anthu a dera lino anaikana. Lamulolo linati msonkhowo usagwire mafuta a galimoto zoyenda pamsewu, ndipo pogula galimoto ugwire madola 5,000 oyamba okha. Wogula galimoto ya madola 60,000 akanalipira madola 50, chimodzimodzi wogula yakale ya madola 5,000. Msonkho wothetsa kuchuluka kwa magalimoto unalambalala petulo nukagwira nkhuku. Kuyambira 2013 magalimoto ali ndi msonkho wawowawo wa TAVT ndipo anatulukiratu mu msonkho wa pa malonda. Timamva yankho lanu lakuti alendo obwera ku misonkhano ikuluikulu ndi ku masewera amalipirako gawo lina. Nzoona, koma mlendo amakhala masiku ochepa, pamene mayi wa ku Norcross kapena Austell amagula chakudya sabata iliyonse.

Chachiwiri, ndipo apa tikhalitsapo, ndi lonjezo lakuti msonkhowu udzachotsa mdipiti wa magalimoto. Kampeni ya mu 2012 inkatchedwa Untie Atlanta, ndipo inauza anthu a makaunti 10 kuti ntchito 157 za madola 6.14 biliyoni zidzamasula misewu. Anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse sanakhulupirire. Ife tikuona kuti pa mfundo imeneyi okana sanalakwe.

Leni imodzi ya msewu waukulu imadutsitsa magalimoto pafupifupi 2,000 pa ola zinthu zikamayenda bwino. Popeza ambiri opita ku ntchito amakhala okhaokha m'galimoto, ndi anthu oposa pang'ono 2,000 omwewo. Magalimoto akachuluka kupyola pamenepo, liwiro limagwa, oyendetsa amayamba kuponda mabuleki motsatizana, ndipo leni ija imadutsitsa ochepa kuposa poyamba pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Mukawonjezera leni, msewu umapepuka kwa kanthawi. Kenako amene ankalawirira mbandakucha pothawa mdipiti amayamba kunyamuka dzuwa litatuluka. Amene ankazembera m'misewu ing'onoing'ono amabwerera pa msewu waukulu. Amene ankakwera galimoto imodzi awiri amasiyana. Omanga nyumba amakagula malo kutali, ku Forsyth kapena ku Henry, poti tsopano kumafikika. Pakatha zaka zochepa leni yatsopano ija yadzaza. Akatswiri a zachuma Gilles Duranton ndi Matthew Turner anasonyeza mu 2011 kuti m'mizinda ya ku America mtunda woyendedwa ndi magalimoto umakula pafupifupi mofanana ndi kukula kwa misewu. Ku Houston anakulitsa msewu waukulu wa Katy Freeway ndi madola pafupifupi 2.8 biliyoni, ntchito inatha mu 2008, koma pakati pa 2011 ndi 2014 ulendo wa m'mawa ndi wamadzulo unayambanso kutalika. Komatu chitsanzo chili konkuno. M'zaka za m'ma 1980 Georgia inakulitsa misewu ikuluikulu ya Atlanta, ndipo Downtown Connector, yomwe imadutsa pakati pa mzinda, lero ili ndi maleni oposa 12 m'malo ena. Aliyense wodutsapo madzulo akudziwa mmene imakhalira.

Sitima ndi basi nazonso sizichotseratu mdipiti, chifukwa malo amene wokwera sitima wasiya pamsewu amatengedwa ndi woyendetsa wina. Phindu lake ndi lina: zimapatsa munthu njira yofikira ku ntchito pa nthawi yodziwika ngakhale msewu utatsekeka. Tinaziona pa 30 Malichi 2017 pamene mlatho wa I-85 unagwa ndi moto, msewu nutsekedwa kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Okhala pafupi ndi njanji ya MARTA anali ndi kothawira. Koma njanji ya kumpoto chakum'mawa imathera pa Doraville, isanalowe mu Gwinnett, kaunti ya anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Mukanauza anthu zimenezi mosabisa, mukanalonjeza chinthu chimene mungathe kupereka.

Chimene chimachepetsadi magalimoto pa nthawi ya chipwirikiti ndi kulipiritsa malo a pamsewu pa nthawiyo. Stockholm, likulu la Sweden, inayesa mu 2006, magalimoto olowa pakati pa mzinda anatsika ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, ndipo mu 2007 inakhazikitsa dongosololo. Inu njirayi mukuidziwa, poti maleni olipira a Peach Pass pa I-85 kuyambira 2011 ndi a Northwest Corridor kuyambira 2018 amasintha mtengo malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Vuto ndi lakuti leni yolipira yopanda basi yobwera pafupipafupi imangothandiza wa ndalama. Basi ikamayendamo tsiku lonse, leni yomweyo ithandizanso wophika m'lesitilanti ndi wosamalira okalamba.

Chachitatu ndi malonjezo amene anasintha anthu atavota kale. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo ovota a kuno anaphunzira zimenezi movutikira. Pa msewu wa GA 400 anthu anauzidwa kuti masenti 50 olipira pachipata adzatha ngongole ya msewuwo ikadzabwezedwa mu 2011. Mu 2010 akuluakulu anawonjezera zaka zina. A Nathan Deal, ali Bwanamkubwa, analengeza zochotsa chipatacho kutangotsala masiku ochepa kuti voti ya 2012 ichitike, ndipo chinachotsedwadi mu Novembala 2013, koma chikhulupiriro chinali chitathawa kale.

Ku Clayton mabasi a C-Tran anaimitsidwa pa 31 Malichi 2010 chifukwa chosowa ndalama, ndipo kaunti yonse inakhala zaka pafupifupi zisanu yopanda basi yakeyake. Mu Novembala 2014 anthu pafupifupi 74 pa 100 alionse anavomera senti imodzi kuti alowe mu MARTA. Mabasi anabweradi mu 2015, ndipo pamenepo tikuyamika. Koma chachikulu chimene anthu ankayembekezera chinali sitima yoyenda m'mbali mwa njanji ya kampani ya Norfolk Southern. Mu 2021 zinadziwika kuti kampaniyo sinalole, ndipo sitima inasanduka basi. Chilolezo cha mwini njanji chinayenera kukhala m'manja anthu asanauzidwe za sitima.

Mu mzinda wa Atlanta, mu Novembala 2016 anthu oposa 70 pa 100 alionse anavomera theka la senti kwa zaka 40 pa ndondomeko ya More MARTA. Ku Campbellton Road, kumene kunalembedwa sitima yopepuka, mu 2022 kunasankhidwa basi. Mu 2024 ofufuza mabuku a ndalama amene khonsolo ya mzinda inapempha ananena kuti madola pafupifupi 70 miliyoni anatapidwa mopyola muyezo m'thumba la ndondomekoyi polipirira mabasi owonjezera, ndipo MARTA inatsutsa chiwerengerocho. Sitikuweruza amene akunena zoona. Tikungoti patatha zaka zisanu ndi zitatu msonkho ukutoleredwa, eni mzinda ndi eni mabasi sankagwirizana pa funso losavuta lakuti ndalama zinapita kuti. Munthu wa ku Marietta mu Cobb kapena Lawrenceville mu Gwinnett amawerenga nkhani zimenezi asanapite kukavota. Masiteshoni omaliza kutsegulidwa pa njanji yaikulu ya MARTA, Sandy Springs ndi North Springs, anatsegulidwa mu Disembala 2000, ndipo kuchokera pamenepo njanjiyo yaima pa makilomita pafupifupi 77 ndi masiteshoni 38, chonsecho anthu a dera lino awonjezeka ndi mamiliyoni.

Chachinayi chikukhudza inu a boma la Georgia. Malamulo aakulu a Georgia amati ndalama za msonkho wa mafuta zigwire ntchito pa misewu ndi milatho yokha. Mu 2015 lamulo la HB 170 linapezera misewu ndalama zoyandikira biliyoni imodzi pachaka popanda kuitanitsa riferendamu. Koma ikakhala basi, kaunti iliyonse imauzidwa kuti ikapemphe yokha kwa ovota. Bwanji msewu umavomerezedwa m'Nyumba ya Malamulo pamene basi iyenera kudutsa m'bokosi la voti? Masenti 50 amene munaika pa ulendo uliwonse wa matakisi a Uber ndi Lyft mu 2020 kuti athandize mabasi ndi sitima ndi chiyambi chabwino, koma ndi kadontho poyerekeza ndi zimene misewu imalandira.

Kusowa kwa ndalama za boma kumapweteka pa kuyendetsa mabasi tsiku ndi tsiku, osati pogula. Taonani masamu ake. Ngati basi imatenga ola limodzi kupita ndi kubwerera, pafunika mabasi awiri kuti pa siteji pazifika basi mphindi 30 zilizonse, ndipo pafunika asanu ndi limodzi kuti izifika mphindi 10 zilizonse. Akamayenda maola 18 patsiku chaka chonse, awiri aja ndi maola 13,140, asanu ndi limodzi ndi maola 39,420. Ola lililonse likufuna dalaivala, mafuta kapena magetsi, makaniko ndi inshuwalansi. Boma la ku Washington limathandiza kugula mabasi ndi kumanga njanji, koma m'mizinda ikuluikulu kawirikawiri ndalama zake sizilipira madalaivala. Tsono zonse zikatsamira pa msonkho wa pa malonda, chuma chikagwa anthu amachepetsa kugula, msonkho umatsika, ndipo mabasi amadulidwa pa nthawi imene anthu ochotsedwa ntchito akuwafuna kwambiri. Zinachitika mu 2010, pamene MARTA inachotsa njira za mabasi pafupifupi 40. Lamulo la voti ya 2012 linafika poletsa kuti ndalamazo zithandize kuyendetsa mabasi ndi sitima za MARTA zomwe zinalipo kale, pamene anthu a ku Fulton ndi DeKalb akhala akulipira senti yawo ya MARTA kuchokera pamene anavomera mu 1971. Nchifukwa chake pa votiyo a Tea Party odana ndi misonkho, a Sierra Club oteteza chilengedwe ndi a NAACP a ku DeKalb omenyera ufulu wa anthu akuda anapezeka mbali imodzi yokana, aliyense ndi chifukwa chake. Anthu a kumwera kwa DeKalb ankafuna njanji m'mbali mwa I-20, koma pa mndandanda anawalembera mabasi.

Chachisanu ndi chachifupi koma chimatenga miyoyo. Wokwera basi aliyense amayamba ndi kumaliza ulendo wake wapansi. Mu Epulo 2010 pa Austell Road ku Cobb, mwana wa zaka zinayi anagundidwa ndi galimoto namwalira pamene banja lake linkawoloka kuchokera pa siteji ya basi kupita kunyumba tsidya lina. Powolokera povomerezeka panali pa mtunda wa pafupifupi theka la kilomita. Mayi wa mwanayo ndiye anazengedwa mlandu wa imfayo, ndipo zinatenga zaka kuti mlanduwo uchotsedwe. Buford Highway nayonso yadziwika kwa zaka zambiri ndi ngozi za oyenda pansi. Siteji yoikidwa pa msewu wa maleni asanu kapena asanu ndi awiri, yopanda powolokera ndi nyale, ndi msampha.

Tikudziwa kuti kusankha tsiku labwino la voti pakokha sikupambanitsa, poti ya 2024 inachitika pa chisankho chachikulu koma inagwabe. Komabe ya 2012 inaikidwa pa chisankho cha chipulula m'mwezi wa Julayi, ndipo ya Gwinnett ya 2019 inaikidwa payokha m'mwezi wa Malichi, pamene ovota sanafike ngakhale mmodzi mwa asanu alionse olembetsa. Chaka chotsatira, mu Novembala, kusiyana kunali mavoti pafupifupi 1,000 okha. Onaninso mzinda wa Nashville ku Tennessee. Mu 2018 anthu anakana ndondomeko ya sitima yopepuka ndi njira yoboola pansi pa mzinda. Mu Novembala 2024 anavomera theka la senti, pafupifupi awiri mwa atatu alionse, pamene ndondomeko inali ya njira za oyenda pansi, maloboti amakono ndi mabasi obwera pafupipafupi oyenda usana ndi usiku. Anthu anavotera zinthu zoti adzaziona pakhomo pawo posachedwa.

Chifukwa cha zonsezi, tikupempha izi:

1. Aphungu asinthe lamulo kuti msonkho watsopano uliwonse wa mayendedwe usagwire chakudya chokaphika kunyumba. Ngati zimenezo zakanika, gawo lolembedwa la ndalamazo lilipirire theka la mtengo wa basi ndi sitima kwa mabanja opeza zochepa.

2. Boma la Georgia liike chaka chilichonse ndalama zodziwika zoyendetsera mabasi ndi sitima, ndipo Nyumba ya Malamulo ifunse anthu ngati akulola kuti gawo la msonkho wa mafuta lipite ku mayendedwe a anthu onse.

3. Mawu akuti msonkhowu udzathetsa mdipiti achoke m'kampeni. M'malo mwake lembani, njira ndi njira, kuti basi idzafika mphindi zingati zilizonse, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji, Lamlungu lomwe, ndi chaka chimene idzayambe.

4. Ntchito iliyonse yodalira malo a kampani ya njanji kapena thandizo la ku Washington ilembedwe poyera kuti ikudalira zimenezo, pamodzi ndi chimene chidzachitike chilolezo kapena thandizolo likalephereka.

5. Mukati basi yothamanga, tanthauzo lake likhale m'chikalata chovoteredwa: leni yakeyake pa gawo loposa theka la njira, makamaka pamene msewu umathina, kulipira musanakwere, siteji yofanana msinkhu ndi khomo la basi, maloboti oipatsa mpata, ndi basi yofika mphindi zosapyola 10 pa nthawi ya chipwirikiti. Leni ikachotsedwa pamalo othina chifukwa eni masitolo adandaula za poimika magalimoto, chatsala ndi basi wamba ya utoto watsopano.

6. Ndalama za msonkhowu zikhale m'thumba lapadera, zifufuzidwe chaka chilichonse ndi akatswiri osalembedwa ntchito ndi bungwe loyendetsa mabasi, ndipo lipoti liikidwe pa intaneti. Kusintha ntchito yaikulu kuchoka pa imene anthu anavotera kuchitike pokhapokha msonkhano wa anthu a dera lokhudzidwalo utachitika ndipo makomishonala atavota poyera.

7. Zaka 30 zigawidwe. Pakatha zaka 10, anthu aone zimene zachitika ndipo akhale ndi mphamvu yoimitsa gawo la msonkho limene silinamangidwe pa ngongole.

8. Leni iliyonse yolipira pa GA 400 ndi I-285 ikhale ndi basi kuyambira tsiku lotsegulira, ndipo gawo la ndalama za Peach Pass lilipirire basiyo.

9. Musadikire voti kuti mukonze masiteji. Dipatimenti ya zamayendedwe ya Georgia ndi makaunti awerenge masiteji onse a pa misewu ya maleni anayi kapena kuposa amene alibe powolokera pafupi, afalitse mndandandawo, ndipo ayambe ndi Buford Highway, Austell Road, Tara Boulevard ndi Memorial Drive.

10. Voti yotsatira ichitike pa chisankho chachikulu cha mu Novembala, ndipo misonkhano yofotokozera anthu izichitikanso madzulo ndi Loweruka, m'malo ofikika pa basi, kuti ogwira ntchito za mashifiti athe kufika.

Tikupempha kuti yankho lanu pa mfundo khumizi liperekedwe poyera, pa misonkhano ya makomishonala ndi ya bodi ya ATL, chikalata china cha msonkho chisanalembedwe.

Ife anu mwaulemu,

Anthu olankhula Chichewa okhala m'dera la Atlanta